Mphindi Zinayi za a Laurenti Namakhwa

Ine ndi amene ndinawononga kaseti yoyamba ya a Laurenti Namakhwa, ndipo mpaka lero sindinapepese. Dzina langa ndine Idah. Ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Ndirande, ndipo ndaimba aluto m'kwaya ya kutchalitchi kwathu kuyambira ndili mtsikana. Aluto wake si wamasewera. Anzanga amati ndikatsegula pakamwa ku Goliyo, a ku Malabada amadziwa kuti pulakatisi yayamba. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti nkhani ya a Laurenti mukuimva kwa munthu amene ali ndi mbali yake.

A Laurenti anali okhoma zidebe. Benchi lawo linali kumzere wa amisiri a malata, kuseri kwa msika, kumene anthu amalankhulana ndi manja chifukwa cha phokoso la mahamala. Agogo awo anachoka ku Mozambique wapansi kudzathyola tiyi ku Thyolo, bambo awo anabwera m'tauni kudzagwira ya ulonda, iwo n'kubadwira m'nyumba ya lendi ku Chinseu. Sukulu analekeza Sitandade 8. Anali munthu wamfupi, wa chifuwa chachikulu, wamanyazi ngati mkamwini wofika kumene, ndipo zala zawo zonse zinali ndi zipsera za malata. Ankapanga zidebe, mbaula ndi mabafa, ndipo pokhoma ankaimba. M'kwaya ankaima kumbuyo kwanga pa tenala, ndipo kunena zoona sindinkawasiyanitsa ndi anzawo.

Amene anawasiyanitsa ndi mayi wina wa ku Newlines amene anabwera ndi ketulo yobooka m'chaka cha 1991. Anali a Keziah Gondwe, koma tonse tinkawatchula kuti a Nyagondwe, monga amachitira kwawo kumpoto. Anali namwino wopuma pa ntchito, ndipo amuna awo anali atamwalira. Ali mtsikana anatumizidwa ku Scotland kukaphunzira unamwino, ndipo akaweruka ankaphunziranso kuimba kwa mphunzitsi weniweni wa mawu. Anabwerako ndi masatifiketi awiri ndi piyano imodzi. Piyanoyo inalowa m'nyumba bwinobwino, koma kenako malemu amuna awo anawonjezera chipinda n'kuchepetsa khomo, moti sinathenso kutuluka. Musaiwale za khomoli, lidzatipweteka kutsogoloku.

A Nyagondwe anaima pa benchi, ketulo ili m'manja, mpaka a Laurenti anamaliza vesi.

"Bambo, anakuphunzitsani kuimba ndani?"

"Palibe, mayi. Timangoimba."

"Zikumveka. Mawu anu mukuwakhoma ngati chidebe. Muli ndi zaka zingati?"

"Twente-folo."

"Mukapitiriza chonchi, pofika sate mudzakhala mukulira ngati khwangwala. Mubwere kunyumba Lachiwiri, ndipo ketuloyi mubwere nayo mutaimata."

Anawafotokozera kuti matenala ali mitundumitundu. Alipo a mawu olemera, ogwedeza denga, ndiye alipo ofewa, amene mawu awo amakwera pamwamba popanda kukuwa, oyenera nyimbo za chikondi ndi zodandaula. A Laurenti anali a mtundu wachiwiriwu. A Nyagondwe anati mawu otere ndi osowa, ndipo sachedwa kufa mwini wake akamawazunza.

Maphunziro ake ndi amene anatiseketsa. Miyezi itatu yoyamba munthu sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi, ankangophunzira kupuma, ngati kuti zaka zonsezi ankapuma molakwika. Ankagona chagada pamkeka, njerwa ili pamimba, n'kumaikweza ndi mpweya. Ankaimba "aaa" kandulo ili pafupi ndi milomo, lawi lake osagwedezeka. M'mawa popita kumsika ankanjenjemeretsa milomo kuti brrr njira yonse, mpaka agalu a ku Chinseu anazolowera kuwaperekeza. Analetsedwa tsabola, madzi ozizira ndi kuchemerera mpira. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iwo ali ndi sikafu m'khosi, ndipo sikafuyo ndinawasankhira ndine pa belo. Amisiri anzawo anawapatsa dzina lakuti Mtaliyana.

Akazi awo, Angela, mayi a Jessica, anapita kwa a Nyagondwe kukafunsa ngati bambowa mutu ukuyenda bwino. Anabwerako atamwa tiyi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kuthira tsabola m'ndiwo. Zimene anakambirana sanatiuze. Angela ndi munthu wosunga mawu, amatha kumaliza tsiku ndi "mwadzuka bwanji" yekha.

Kenako zinabwera nyimbo, za Chitaliyana, za Chijeremani, ndi zina za Chilatini zimene ife Akatolika tinkazimvako kale kwa achikulire. A Nyagondwe ankawalembera ndi pensulo tanthauzo la liwu lililonse pansi pake, chifukwa ankati munthu asamalire maliro asanafunse kuti wamwalira ndani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika 1993 mawu a a Laurenti anali atasintha, moti akayamba kuimba pa benchi azimayi obwera kudzagula mbaula ankaiwala kunenerera mtengo.

Vuto linali ife. Kwathu kuno nyimbo ndi ya anthu onse. Wina akayambitsa, enanu mumayankha, ndipo palibe amachita kukupemphani. Munthu woimba yekha anzake ali pomwepo ndiye kuti wadana ndi abale, kapena zamusokonekera. Kumusiya mnzako akuimba yekha n'chimodzimodzi kumudutsa akulimbana ndi mtolo wa nkhuni osamusenzetsa. Ndiye nyimbo za Chitaliyana zija titazimva kangapo tinazigwira. Mawu ake sitinkawadziwa, koma aluto safuna mawu ambiri, "mmm" ndi "eee" zimakwana.

A Laurenti anaimba pa ukwati wa mwana wa aphunzitsi ku Zingwangwa. Atafika pamene nyimbo imatsika kukhala ya kanong'onong'o, azakhali a mkwatibwi analiza nthungululu, holo yonse n'kulowerera. Anaimba pa Khirisimasi kutchalitchi kwathu. Ansembe analengeza momveka kuti iyi ndi solo, ife tinagwedeza mitu kuvomereza, koma pofika vesi yachiwiri tinali tonse. Anayesa kukwera phiri la Ndirande kuti akayeserere okha, n'kukapeza anthu osala kudya akupemphera m'miyala, ndipo anthuwo anawalandira ndi m'manja ndi ma aleluya. Ulendo wina anaitanidwa kukaimba m'tauni, pa konsati ya kwaya ina ya azungu ndi mabwana, ife a kwaya yathu n'kudzaza minibasi kukawachemerera. Zimene zinachitika m'holo imeneyo sindizinena, koma chaka chotsatira sanatiuze tsiku.

A Laurenti sankakalipa. Ankangoti "zikomo" ndi nkhope ya munthu amene wapatsidwa malaya osamukwana. Tsiku limodzi lokha, tikuchokera ku pulakatisi, ndi pamene anayesa kundiuza.

"Achemwali, nyimbo zimenezi zili ngati mpando wa munthu mmodzi."

"Ndiye enafe tikhala pamiyendo panu, achimwene," ndinatero ine, ndipo ndinaseka mpaka kunyumba.

M'chaka cha 1995 a Nyagondwe analembera kalata sukulu ina ya zoimba ku Cape Town, poti kumeneko zinthu zinali zitangosintha ndipo makomo ankatsegukira anthu akuda. Yankho linabwera mu Juni. Anati atumize kaseti ya nyimbo imodzi, mawu a munthu mmodzi ndi piyano basi, yoimbidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadukiza. Ikawasangalatsa, a Laurenti apatsidwa malo a zaka zitatu, chakudya ndi pogona zili pomwepo. Ankatenga anthu osapitirira zaka 28, ndipo a Laurenti anali atakwanitsa 28 mu Epulo. Mwayi unali umodzi womwewo, chaka chamawa kukanakhala kulibe.

Wailesi yojambulira inapezeka kwa Abbas, Myao wa ku Mangochi amene ankagulitsa makaseti pageti la msika. Inali ya makaseti awiri, ya maikolofoni yake, ndipo ankainyamula ngati khanda. Mlamu wake woyendetsa thiraki ankanyamuka ulendo wa ku Joni Lachitatu la sabata yachiwiri, ndiye anavomera kukaiponya kasetiyo pa positi kumeneko kuti ifike nthawi ilipo. Nyimbo inasankhidwa ya Chitaliyana, ya mphindi zinayi. Chotsala chinali kujambula, ndipo apa ndi pamene khomo lija linatipweteka. Piyano sikanatuluka, ndiye anayenera kujambulira m'nyumba ya a Nyagondwe momwemo. Kuseri kwa nyumbayo kunali mpope wa madzi wa dera lonse, kutsogolo kunali njira ya ku siteji ya maminibasi, ndipo kutsidya kwa ngalande kunali mzere wa amisiri a malata. Magalasi a mawindo ena anali atasweka kalekale.

Tsiku loyamba kujambula ine ndinali pa mpope ndi chidebe changa. Palibe anandiuza kanthu, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Ndinamva piyano, ndinamva a Laurenti akuyamba, ndipo pa vesi yachiwiri ndinalowa monga mwa nthawi zonse. Azimayi a pa mzere wa madzi anandipatsa sopulano. Kutsidya kuja mahamala anagwera m'kugunda kwa nyimbo okha, popanda wowalamula. Nyimbo itatha Abbas anatulukira pa windo n'kutiitana kuti tidzamve, ndipo atabweza tepi ine ndinamva chinthu chokoma kwabasi. Ndinali kuyembekeza kuyamikiridwa.

A Nyagondwe anavula magalasi awo pang'onopang'ono.

"Mayi Idah, aluto wanu ndi wabwino, ndanena kale. Koma ku Cape Town sanaitane inu."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinachokapo osatsanzika, chidebe n'kuchiiwala pa mpope. Munthu waimba zaka makumi awiri pa maukwati ndi maliro a dera lonse, lero auzidwe kuti mawu ake ndi chiwawa? A Laurenti anandibweretsera chidebecho kunyumba, atachikhomanso chogwirira chimene chinali chitayamba kugwedera, ndipo zimenezi zinangowonjezera mkwiyo wanga.

Anayesanso Lachinayi, mlaliki wina anaima panjira ndi chimkuzamawu. Anayesa Loweruka m'mamawa, atambala ndi makondakitala anagawana kasetiyo. Lamulungu sanayese n'komwe, poti Lamulungu Ndirande yense amaimba. Azimayi a pa mpope anauzidwa kuti asamayankhe, n'kuvomera ndi mtima wonse, koma nyimbo ikafika pokoma wina ankayamba kung'ung'udza osadziwa, ndipo wina akang'ung'udza mnzake sangamusiye yekha. Pofika Lolemba, Abbas anali ndi kaseti imodzi yokha yopanda kanthu, ndipo thiraki inkanyamuka mkuja.

Lolemba lomwelo masana kunaitanidwa msonkhano pansi pa shedi ya amisiri. Tcheyamani wa amisiriwo anali a Blackson, bambo wamtali amene chichitikire riferendamu sanatseke pakamwa. Kale ankayang'ana kaye kumbuyo asananene kuti mvula yachedwa, koma matipate itabwera anakhala ndi ndemanga pa chilichonse, kuyambira mtengo wa malata mpaka nkhondo za kunja. A Nyagondwe atapempha kuti dera lonse likhale chete mphindi zinayi mawa lake, a Blackson anaimirira n'kukonza kolala.

"Mayi, ndi ulemu wonse. Zaka sate tinali chete m'dziko muno. Tinaima pa mzere dzuwa likutiwotcha kuvotera kulankhula. Lero wina abwere adzatiuze kuti shii? Imeneyo ndi wani pate, ndipo ife tinaikana."

Anthu anawomba m'manja, ndipo ine ndinawomba kuposa onse. Ndinaimirira n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ngati a ku Cape Town akufuna munthu wopanda abale akamufune kwina. A Laurenti anali pa benchi lawo, akupotokola sikafu. Munthu wokhoza kudzaza tchalitchi ndi mawu ankalephera kupempha anzake chinthu chimodzi.

Amene anaimirira ndi Angela. Ambiri tinali tisanamumvepo akulankhula pagulu.

"A Blackson, palibe akukulandani pakamwa. Tikungobwereka, ikakwana folo minitsi tikubwezerani. Ine ndadya ndiwo zopanda tsabola zaka zinayi chifukwa cha pakhosi pa bambo a Jessica. Ndasesa m'nyumba mozungulira munthu wogona ndi njerwa pamimba. Zaka folo, ine ndekha. Inu mukukanika maminitsi folo, muli gulu?"

A Blackson anayamba kukonzanso kolala, koma Angela anali atatembenukira kale kwa ine.

"Ndipo inu achemwali, mumati mumawathandiza. Munayamba mwawamvapo akuimba?"

"Tsiku lililonse," ndinatero.

"Ayi. Mumamva poyambira pokha. Kwinako mumadzimva nokha."

Anthu anaseka, ine nkhope inatentha, ndipo m'kuseka momwemo nkhani inatha, anthu anavomera.

Panatsala kugwirizana za chizindikiro, kuti aliyense adziwe kuti kujambula kwayamba. Wina anati tikweze nsalu pa nsungwi. Ine ndinati ndili ndi chitenje chachikasu, theka la msonkhano linakana poti chikasu ndi cha chipani. Wina anabweretsa malaya a buluu, akuti nawonso ndi a chipani china. Chofiira, chobiriwira ndi chakuda zinali kale ndi eni ake. Tinakangana za mitundu nthawi yaitali kuposa imene tinakangana za kukhala chete, mpaka Abbas anatola thumba loyera la ufa, ndipo palibe chipani chinapezeka kuti ndi chake. A Nyagondwe, amene ankadziwa kusamala odwala ovuta, anati ntchito yokweza thumbalo ikufunika munthu waudindo. A Blackson anailandira ndi manja awiri.

Lachiwiri cha m'ma 2 koloko masana tinali okonzeka. Sindikunena kuti Ndirande yense, ndingakhale ndikunama, koma kuyambira pa mpope mpaka ku siteji, ndi mzere wonse wa malata. Mayi woyang'anira mpope anautseka. Nkhuku za pafupi zinavindikiridwa m'madengu. Anzake a Abbas ogulitsa makaseti anazimitsa mawailesi, makondakitala analonjeza kuitana anthu ndi zala, ndipo mlaliki uja anapatsidwa chinangwa chowotcha chachikulu kuti pakamwa pakhale ndi ntchito. Amisiri anaika mahamala pansi n'kupinda manja, ena manja m'khwapa kuti asaiwale.

Ine sindinkadzikhulupirira. Ndimadzidziwa. Ndinatunga madzi m'kapu, n'kudzaza m'kamwa mpaka masaya kutupa, ndipo ndinakhala pa chidebe changa pansi pa windo. Ndinati ndikangoyesa kuimba, madzi andiulula.

Thumba linakwera. Kunakhala bata limene sindinalimvepo chibadwire m'dera limenelo, moti ndinamva madzi akuyenda m'ngalande. Piyano inayamba, kenako a Laurenti.

Nyimboyo, malinga ndi pensulo ya a Nyagondwe, inali ya mwamuna wouza mkazi amene anamuchokera kuti iye sanakwiye, ndipo chitseko sanakhome. Vesi yoyamba ndinkaidziwa. Pofika yachiwiri, pamalo anga olowera, khosi langa linadzikonza lokha, madzi n'kugwedezeka m'kamwa, ndipo ndinagwira milomo ndi dzanja. Ndiye ndinamva chimene chimakhala pamenepo. Mawu aja anachepa, n'kuchepa, mpaka kukhala ngati kaulusi, ndipo kaulusiko kanayamba kukwera, osanjenjemera, osaduka, kukafika pamwamba pamene ndinkaganiza kuti mwamuna sangafike popanda kukuwa. Kanakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako kanatsika bwinobwino. Zaka zonsezi malo amenewo ndinkawaphimba ndi aluto wanga, osadziwa kuti pansi pake pali chinthu. Njerwa ija, kandulo ija, sikafu ya mu Okutobala, zonse zinali za kaulusi kameneka, ndipo ine, mnzawo wa kwaya, ndinali ndisanakamve.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira. Kulira uli ndi madzi m'kamwa ndi ntchito yovuta, musadzayese. Nditayang'ana kutsidya ndinaona a Blackson atagwira nsungwi, pakamwa pali yasa. Nyimbo inatha, piyano inatha, koma thumba silinatsike, chifukwa atcheyamani anali ataiwala kuti ali pa ntchito. Tinakhalabe chete mpaka Abbas anatulutsa mutu pa windo n'kunena kuti, "Yalowa, amangwetu. Mutha kupuma." Madzi aja ndinawalavulira m'ngalande, ndipo phokoso limene linatsatira linamveka mpaka ku Chinseu.

Kaseti inapita ndi thiraki. Yankho linabwera mu Seputembala, ndipo a Nyagondwe analiwerenga pakhonde, kaye m'Chingerezi kenako m'Chichewa, ngakhale tinali titamva kale pa nkhope yawo. A Laurenti ananyamuka pa basi mu Januwale 1996. Sabata yoti anyamuka ndinatsegula belo n'kupezamo jekete yakuda ya mchira kumbuyo, mtundu umene palibe munthu wa nzeru zake angagule mu Ndirande. Ndinaichapa, ndinaisita, n'kukawapatsa. Manja ake anali aatali pang'ono. Ndinawauza kuti ndi yosagulika, ikungonditsekera malo, ndipo kupepesa kwanga kunathera pamenepo.

Za kumeneko tinkazimva m'makalata amene a Nyagondwe ankatiwerengera. Chaka choyamba anabwezedwanso ku kupuma, ndipo a Nyagondwe ananyadira kuti aphunzitsi a kumeneko sanapeze zambiri zokonza. Anayamba kuimba m'masewero aja oimba okhaokha, kumene munthu ngakhale akubayidwa amafa akuimba. Poyamba anali m'gulu, atanyamula mkondo kumbuyo. Kenako anakhala mthenga wa mizere iwiri. Mu 1998 anapatsidwa gawo lalikulu, la mnyamata wofunsira mbeta, ndipo anatitumizira chithunzi atavala wigi yoyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Amisiri anachikhoma pamwamba pa benchi lawo lakale, ndipo anachiseka mwezi wathunthu, koma mlendo akachiseka ankamuthamangitsa. Akuti zipewa zachitsulo za asilikali a m'sewero zikaphwanyika ankaziwongola ndi iwo, poti luso la m'manja silithawa. Angela ndi Jessica anawatsatira mu 1997. Musanamizidwe kuti anakhala munthu wotchuka pa dziko lonse. Anali tenala wodya thukuta lake, woimba m'maholo, m'matchalitchi ndi pa maukwati a kumeneko, ndipo banja lawo linkadya ndi mawu amenewo.

Anabwera kudzacheza mu Disembala 1999. Tinagwirizana kuti atiimbire Loweruka masana pabwalo la nyumba ya a Nyagondwe, iwo ataima pakhonde, piyano ikumvekera pa windo, poti khomo linali lomwe lija. A Nyagondwe anali atakalamba, zala zitayamba kuuma, koma anakana kuti wina aimbe piyano m'malo mwawo. Anthu anadzaza mpaka m'ngalande. A Blackson anabwera ndi thumba lija, akuti analisunga m'sutikesi, ndipo analikweza popanda wowapempha. Tinali onyada ndi luso lathu. Tinkafuna kuti Mtaliyana aone kuti ku Ndirande nakonso anthu amadziwa kumvera konsati.

A Laurenti anatulukira atavala jekete yanga, manja ake atawadulitsa. Ine ndinakhala kutsogolo ndi botolo la madzi, ndipo ndinadzaza m'kamwa. Angela anakhala pambali panga, atanenepa bwino. Anadikira mpaka masaya anga atatupa, podziwa kuti sindingamudule mawu, ndiye anandinong'oneza.

"Kaseti ija munawononga, achemwali, anapita nayo. Ndi imene amamvera m'chipinda chovalira asanakwere pa siteji. Yachita kukokeka, Jessica amaikulunga ndi bolopeni."

Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kutsogolo ngati sananene kanthu.

Anaimba nyimbo yoyamba, ife chete, ndipo itatha tinawomba m'manja mwaulemu ngati mabwana. Anaimba yachiwiri, ife chete. Mawu anali atakula, atakhazikika, ndipo ndinaona a Nyagondwe pa windo akugwedeza mutu. Yachitatu inali ija ya chitseko chosakhoma. Anamaliza vesi yoyamba, anayamba yachiwiri, ndipo atangodutsa pamalo anga olowera anasiya. Piyano inapitirira pang'ono n'kuima. Anthu anayang'anana, ena kuganiza kuti mawu awathawa. A Laurenti anayang'ana kwa ine, akupotokola batani la jekete monga ankachitira ndi sikafu.

"Achemwali, kodi mwadwala?"

Ndinapukusa mutu.

"Kumene ndachokera anthu amadziwa kukhala chete, amachita kuvalira bwino kuti adzakhale chete. Ndimawathokoza. Koma zaka zinayi ndaimba, palibe wandiyankha." Anatembenukira ku nsungwi. "A Blackson, tatsitsani thumbalo. Mayi, tiyambirenso vesi yachiwiri."

Thumba linatsika, piyano inayamba, ndipo ine ndinameza madzi aja. Sindinathamange. Ndinawasiya akwere okha pa kaulusi kaja, poti tsopano ndinkadziwa kuti kalipo, ndipo ndinatambasula dzanja kuletsa azimayi a kumbuyo kwanga mpaka anafika pamwamba n'kukhalapo mmene anafunira. Potsika anandipeza ndikuwadikira ndi aluto.